ZA M'MUNDA NDI MLANGIZI: Tizipinda timene tinamanga chimanga chanu

Pali ana a sukulu amene amawerengera makolo ao nyuzipepala ino madzulo pakhonde. Sabata ino anawo asangowerenga chabe ai. Akafika pamene simunamve bwino muwaimitse ndi kuwafunsa, pakuti nkhani yathuyi ndi ya m'kalasi mwao, ngakhale kuti ndi ya m'munda mwanunso.

Mu Disembala chaka chatha ndinaima ndi njinga yanga pakhomo pa bambo wina amene mwana wao wamkazi ali mu Fomu 1 ku sekondale. Bambowo ndinawapeza ali pakhonde, nkhope itagwa. Anatulutsa kope la mwanayo nandionetsa tsamba limene panali chithunzi chonga njerwa zosanjikizana, njerwa iriyonse iri ndi kadontho kakuda m'kati mwake.

"Alangizi," anatero, "ine ndinagulitsa mbuzi kuti mwana uyu apite ku sukulu. Lero akundiuza kuti chimene wajambula apachi ndi khungu la anyezi. Anyezi ngodzaza m'dimba mwangamu. Akadanena, ndikadampatsa dengu lathunthu osabvutika ndi ulendo wa ku sukuluwo."

Ndisanayankhe, mayi a panyumbapo anati, "Za anyezizo zisiyeni, alangizi. Tiyeni mukaone zimene zagwa kumunda." Tinapita. Chimanga chinali cha masabata atatu, ndipo m'mizere yambiri masamba anali atapsa nsonga, china chitafoteratu. Nditafukula phando limodzi ndinapeza feteleza ataunjikidwa patsinde penipeni, wodzaza dzanja, ndipo mizu inali yofiirira ngati yootchedwa. Chithirire fetelezayo kunangowaza kamvula pang'ono, kenaka dzuwa masiku anai. Bambo aja anati anawagulitsa feteleza wachinyengo, ndipo m'mawa mwake apita kukakangana ndi mwini sitolo. Ine ndinawauza kuti fetelezayo alibe mlandu, ndi kuti chimene chapha chimanga chao chalembedwa m'kope lomwe lija amalinyoza. Zimene ndinawafotokozera pamzere paja ndizo ndikulemberani lero.

SELO NDI CHIYANI?

Nyumba ya njerwa mukaiona patali iri ngati chinthu chimodzi, koma mukayandikira muona kuti ndi njerwa zambirimbiri zogwirana. Chomwechonso chimanga, mtedza, mbuzi, nkhuku, ndi inu nomwe amene mukumva nkhaniyi. Chamoyo chirichonse chinamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, ndipo kachipinda kotere ku sukulu amati selo. Akachuluka amati maselo. Kusiyana kwake nkwakuti njerwa njakufa, koma selo liri ndi moyo. Limadya, limamwa, limapuma, limakula, ndipo likakula limagawika nkukhala awiri.

Maselo ambiri saoneka ndi maso. A pakhungu lopyapyala la m'kati mwa anyezi ali m'gulu la okulirapo, komabe atatu kapena anai atandondozana amangokwana milimita imodzi. Nchifukwa chake aphunzitsi amakonda anyezi: khungu lake limasendeka lokha, ndi lopyapyala kotero kuti kuwala kumapyola, ndipo maselo ake amaoneka bwino pa galasi lokuzira zinthu lotchedwa maikulosikopu.

Munthu woyamba kutchula dzina limeneli anali Mngelezi wina, Robert Hooke, wa ku London. M'chaka cha 1665 iye anasindikiza buku la zimene anaona pa galasi lake. Mwa zina, anaseula kachidutswa ka khungwa la mtengo limene Azungu amatsekera mabotolo, naona timabowo toposa 1,000 pa inchi imodzi, tonga tizipinda togona, ndipo anatitcha maselo. Koma iye anaona makoma okhaokha, eni nyumba atafa kale. Zaka zochepa pambuyo pake, wogulitsa nsalu wina wa ku Delft m'dziko la Holland, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek, amene ankasula yekha magalasi ake, anaona tizilombo ta selo limodzi tikusambira m'dontho la madzi a m'nyanja m'chaka cha 1674, ndipo mu 1683 anapeza tina m'zomata za m'mano mwake momwe. Munthu ameneyu ine ndimamkonda, pakuti sanali mphunzitsi wamkulu ai, anali wamalonda wachidwi basi. Tsono mu 1838 ndi 1839 Ajeremani awiri, Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann, ananena poyera kuti zomera zonse ndi nyama zonse zinamangidwa ndi maselo.

Za azunguwo zatha pamenepa. Tiyeni tilowe m'kachipindako, kuyambira kunja.

KHOMA

Selo la chomera liri ndi khoma lolimba, lopangidwa ndi ulusi umene ku sukulu amati cellulose. Inu alimi a thonje a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima mumagulitsa khoma limeneli chaka ndi chaka osadziwa. Kaulusi kalikonse ka thonje ndi selo limodzi lokha, limene linamera pa khungu la njere nkutalika masentimita awiri kapena atatu. Thonje likamakhwima, selolo limanenepetsa khoma lake, kenaka limafa nkuuma, ndipo chotsala ndicho mumatola ndi kunka nacho ku msika. Malaya a thonje amene mwabvalawo ndi makoma a maselo akufa.

Khomali ndilo limaimiritsa phesi ndi kulimbitsa nsungwi. Mimba ya munthu silitha kuligaya. Nchifukwa chake mayi amakonola chimanga ndi kuphika nyemba kwa nthawi yaitali, kuti makoma asweke ndi kufewa, chakudya cha m'kati chituluke. Ng'ombe ndi mbuzi zimakhuta udzu ndi mapesi chifukwa m'chifu mwao muli tizilombo tosawerengeka ta selo limodzi timene timaswa khomalo m'malo mwa ng'ombeyo. Chotero mukatentha mapesi mwatentha chakudya cha ziweto ndi cha nthaka pamodzi.

Maselo a nyama ndi a munthu alibe khoma. Inu a Fomu 1 musaiwale pamenepa, pakuti ndi funso limene aphunzitsi salisiya. Ife timaima chifukwa cha mafupa.

NEMBANEMBA NDI THUMBA LA MADZI

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yathu, ndipo ndichedwapo.

Kuseri kwa khoma kuli kanembanemba kopyapyala kwambiri kamene kakuta zonse za m'kati mwa selo. Khoma liri ngati mpanda wa udzu: madzi ndi zosungunuka zimangopyola. Koma nembanembayo ndiye mlonda wa pachipata. Madzi amawalola kudutsa mosabvuta, koma mchere, shuga ndi zina amasankha, china alowetse, china akanize. Selo lirilonse lamoyo liri nayo, la chomera ndi la nyama lomwe. M'kati mwa nembanemba muli madzi othithikana onga choyera cha dzira, m'mene ziwalo zonse za selo zimakhala. Ndipo m'selo la chomera lokhwima, malo ambiri a pakati atengedwa ndi thumba lalikulu lodzaza madzi osakanizika ndi timichere ndi shuga.

Thumbali likadzaza limakankha khoma kuchokera m'kati, monga mpweya umakankhira tayala la njinga. Maselo onse a tsamba akalimba chotero, tsamba limaima njo. Madzi akachepa, matumba amaphwa, ndipo tsamba limazolika. Kufota ndi kumeneko, palibenso china. Amayi a pamsika amadziwa bwino zimenezi ngakhale sanaone maikulosikopu: ndiwo zamasamba zikayamba kulefuka amaziwaza madzi ndi kuziika pamthunzi, ndipo zimadzukanso.

Tsono lamulo la madzi ndi ili. Nembanemba ikakhala pakati pa madzi awiri, ena a mchere wambiri ndi ena a mchere wochepa, madzi amaoloka kuchoka ku mbali ya mchere wochepa kunka ku mbali ya mchere wambiri. Kunena mwachidule, madzi amatsata mchere. Shuga nayenso amakoka madzi chimodzimodzi. Ku sukulu zimenezi amati osmosis, koma dzina lisakuopseni, pakuti mwaziona kambirimbiri. Mukathira mchere pa tomato wodula kapena pa nkhaka, m'mbale mumadzaza madzi; madziwo achokera m'maselo. Mukathira mchere pa nsomba kapena nyama, siola msanga, chifukwa mcherewo umakoka madzi m'nyamamo ndiponso m'tizilombo timene tikadaioletsa.

Muzu wa chimanga umamwa potsata lamulo lomweli. Madzi a m'nthaka yabwino ali ndi mchere wochepa, a m'maselo a muzu ali ndi wochulukirapo, chotero madzi amalowa m'muzu okha. Nanga chingachitike nchiyani mutaunjika feteleza pa muzupo? Feteleza wa m'thumba akasungunuka amakoka madzi monga mchere. Mvula ikakhala yochepa, timadzi tozungulira muzu timasanduka mchere wokhawokha, woposa wa m'kati mwa selo. Pamenepo ulendo wa madzi umatembenuka. M'malo mwakuti muzu umwe m'nthaka, nthaka ndiyo imamwa m'muzu. Matumba aja amaphwa, nembanemba imakwinyika nkusiyana ndi khoma, ndipo zikapitirira selo limafa. Mmera umafa ndi ludzu uli m'dothi lonyowa. Timati feteleza wotentha, koma moto palibe.

Feteleza wa urea, amene timati wobereketsa, ali ndi choopsa china. Ndi wamphamvu: m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a chakudya cha mbewu chotchedwa nayitrojeni. Akamasungunuka m'nthaka amatulutsa mpweya wa fungo lokhakha, longa la m'khola la mbuzi, umene umapha maselo anthete a muzu akakhala pafupi. Mukamsiya pamtunda osakwirira, mpweya womwewo umauluka, ndipo ndalama zanu zauluka nawo.

Ngati mukukaika, kaoneni pa dambo pamene ng'ombe yakodza nthawi ya chilimwe. Pakati penipeni udzu wapsa, koma m'mbali mozungulira wabiriwira koposa wina wonse. Mkodzo ndi umodzi womwewo: pamene unachuluka wapha, pamene unafika wochepa wadyetsa. Ndi manyowa a nkhuku osaola ziri chimodzimodzi. Ambiri a inu mwaphapo mpiru ndi tomato m'dimba ndi manyowa otere.

Chotero pothira feteleza chitani izi. Boolani dzenje ndi kamtengo pa mtunda wa masentimita ngati 10 kuchokera patsinde, kuya kwake chimodzimodzi. Ngati munabzala mbewu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25, dzenjelo likhale pakati pa mapando awiri. Thirani ndi muyeso, osati ndi dzanja, kwirirani, ndipo chitani zimenezi nthaka iri yonyowa bwino. Musade nkhawa kuti chakudya chatalikira. Mizu idzachilondola yokha, nidzachipeza chitasungunuka ndi kuchepa mphamvu. Ndikudziwa kuti ntchito yoboola maenje njotopetsa, makamaka pamene kupalira kukudikira, ndipo kungoponya patsinde nkofulumira. Koma thumba la feteleza munaligula movutika kwambiri kuti mulisandutse chiphe cha mbewu yanu yomwe.

TIUBWEYA TA MIZU NDI TIPAKAMWA TA MASAMBA

Mukazula mmera wa nyemba mosamala muona kuti pafupi ndi nsonga za mizu dothi lakangamira. Chimene chagwira dothilo ndi tiubweya toyera tosalimba, ndipo kaubweya kalikonse ndi selo limodzi limene ladzitalikitsa kuti lifike pakati pa timibulu ta dothi. Timeneti ndito timamwa madzi ambiri. Muzu waukulu umene mumauona ntchito yake yaikulu ndi kugwira nthaka ndi kupititsa madzi kumtunda.

Nchifukwa chake mbande za fodya, tomato kapena kabichi zimafota mukaziokera. Pozula mwadula tiubweya tija, ndipo mbandeyo iribe pomwera mpaka itamera tina. Thirirani nazale musanazule, nyamulani mbande ndi dothi lake, ndipo okerani madzulo kapena tsiku la mitambo.

Kumtunda nako kuli zipata. Pa tsamba, makamaka kunsi kwake, pali timabowo tambirimbiri, ndipo kabowo kalikonse kali ndi maselo awiri oulondera, onga milomo. Akakhuta madzi amapindika, kabowo nkutseguka. Madzi akachepa amaphwa, kabowo nkutsekeka. Pa timabowo timeneti ndi pamene madzi amatulukira ngati nthunzi, ndipo si ochepa ai: pa ndowa 100 zimene mbewu yamwa, zoposa 95 zimathera mumlengalenga. Koma pomwepo ndi pamenenso mpweya wopangira chakudya umalowera. Tsono mukaona chimanga chitapota masamba masana nthawi ya ng'amba, dziwani kuti chatseka zipata kuti chipulumuke, ndipo nthawi yonse imene zipata ziri zotseka ntchito yopanga chakudya yaima. Mapesi ndi udzu wophimbira nthaka zimachedwetsa kutseka kumeneku.

KUMENE CHAKUDYA CHIMAPANGIDWA

M'maselo a tsamba muli timibulu tobiriwira totchedwa chloroplast. Ndito timapatsa tsamba mtundu wake, ndipo ndito timagwira kuwala kwa dzuwa. Ndi mphamvu ya dzuwalo timaphatikiza madzi ochokera ku mizu ndi mpweya umene ife timautulutsa popuma, nkupanga shuga, ndipo timabweza mpweya wabwino wa okosijeni. Shugayo amayenda m'mbewu monse, ndipo wotsala amasungidwa ngati ufa m'maselo a njere ya chimanga, a mbatata ndi a chinangwa. Ambiri amadabwa ndikawauza kuti mbali yaikulu ya kulemera kwa chimanga cha m'nkhokwe inachokera mu mpweya ndi m'madzi, ndipo ya m'dothi njochepa. Koma yochepayo ikasowa, zonse zimaima.

Utoto wobiriwirawo sungapangike popanda nayitrojeni. Chimanga chikamsowa chimaphwasula masamba akale a m'munsi ndi kutumiza nayitrojeni wake ku masamba atsopano. Chotero chikasu cha njala chimayambira m'munsi, kuchokera kunsonga ya tsamba kutsata mtsitsi wa pakati. Mukaona chotero mwadziwa bvuto lake. Ndipo inu amene mumathyola masamba aiwisi a chimanga kupatsa mbuzi chimanga chisanakhwime, mukuchotsa antchito pamene ntchito iri pakati.

Mpweya umene watizungulirawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitrojeni, koma maselo a chimanga satha kumgwira. Okhoza ndi tizilombo tina ta selo limodzi, ta mtundu wa mabakiteriya, timene timakhala m'tizotupa tonga njerewere pa mizu ya mtedza, nyemba, soya, khobwe ndi nandolo. Tizotupa timeneti si matenda. Dulani kamodzi ndi chikhadabo: kakakhala kofiira m'kati, ntchito ikugwirika. Mbewu imapatsa tizilomboto shuga, ito timabwezera nayitrojeni, ndipo chimanga chimene mudzabzale pamenepo chaka cha mawa chidzadyako zotsala. Kasinthasintha wa mbewu amene timakulimbikitsani chaka ndi chaka wagona pamenepa.

MOTO WA M'KATI

Shuga payekha sayendetsa kanthu, monga nkhuni sizipsetsa nsima zisanayake. M'maselo a zomera ndi a nyama muli tiziwalo tina totchedwa mitochondria, timene tiri ngati pamafuwa. M'menemo shuga amapsa pang'onopang'ono ndi mpweya wa okosijeni, nkutulutsa mphamvu imene selo limagwirira ntchito, usana ndi usiku.

Apa pali zinthu ziwiri zimene mlimi aliyense waziona. Choyamba, mizu nayo imapuma. Madzi akaima m'munda masiku angapo, mpweya umathawa m'nthaka, maselo a mizu amabanika, ndipo chimanga chimachita chikasu chiri m'madzi. Chachiwiri, njere ya chimanga iri m'thumba njamoyo, ingogona tulo. Ikakhala youma bwino imapuma pang'ono zedi. Koma mukasunga chimanga chosauma, maselo ake amadzuka, chuku nacho chimadzuka, zonse nkuyamba kupuma kwambiri. Pisani dzanja m'thumba lotero mudzamva kufunda. Chimanga chanu chikudyedwa chiri chotsekera. Chuku china cha pa chimanga ndi mtedza chimasiya poizoni woononga chiwindi, amene satha ndi kuphika. Umitsani mpaka njere izisweka ndi phokoso mukailuma.

Matumba osalowa mpweya amene ena a inu mwayamba kusungiramo chimanga amagwira ntchito mwa njira yomweyi. Mulibe mankhwala m'menemo. Anankafumbwe amapuma mpweya umene anatsekeredwa nao mpaka utatha, kenaka moto wa m'maselo mwao umazima. Thumba lotere likabooka ndi khoswe kapena msomali, latha ntchito.

KADONTHO KAKUDA KAJA

Tsopano tifike pa kadontho kamene kanali m'njerwa iriyonse m'kope la mwana uja. Dzina lake ndi nyukiliyasi. Amene anakatcha dzinali ndi Robert Brown wa ku Scotland, mu 1831, pamene ankapenda maselo a maluwa. Kadonthoka kali ngati nyumba ya mfumu kumene kumasungidwa kaundula wa mudzi. M'menemo muli timaulusi totchedwa makromozomu, ndipo pa timaulusi timeneti palembedwa malangizo onse a chamoyocho: kutalika kwa phesi, mtundu wa njere, masiku okhwimira, kupirira ku matenda. Selo la chimanga liri ndi makromozomu 20, la munthu 46, la ng'ombe 60.

Selo likafuna kugawika limayamba lakopera kaundula yense, kuti ana onse awiri atenge wofanana. M'zomera kugawikaku kumachitika kwambiri kunsonga za mizu ndi kunsonga ya tsinde. Nsonga ya chimanga chaching'ono yabisika pansi pa masamba opindana a pamtima. Kapuchi kapena mbozi zija zinafika kuno cha m'ma 2016 ndi 2017 zikadya masamba okha, chimanga chimaphukanso. Koma zikaboola nsonga imeneyo, palibenso selo lopanga masamba atsopano ndi ngayaye, ndipo phando latha. Chotero poyendera munda muzisuzumira pamtima.

Mtengo wa chinangwa kapena kholowa wa mbatata mukabzala, maselo ake amangokopera kaundula wa make. Nchifukwa chake chinangwa chozizira chimabala chozizira. Koma matenda amene ali m'maselo a make nawo amapita limodzi, tsono musadule mbewu pa chinangwa cha masamba okwinyika ndi a mawangamawanga, ngakhale mnzanu akupatseni chaulere.

Njere ndi nkhani ina, pakuti iri ndi makolo awiri. Kambewu ka mungu kochokera ku ngayaye kamabweretsa makromozomu 10, ndipo kadzira kamene kali patsinde pa ndevu kali ndi 10 ena. Ndevu iriyonse ndi njira ya njere imodzi. Ng'amba ikagwa nthawi imene chimanga chikumasula, ndevu zimachedwa kutuluka, mungu umatha, ndipo mumakolola chimanga cha magweru. Mbewu ya haibulidi nayo ndi mwana wa makolo awiri osankhidwa bwino, ndipo ana onse a ukwati umenewo amafanana. Koma anawo akakwatirana okhaokha m'munda mwanu, kaundula amasakanizika, ndipo zidzukulu zimatuluka zosiyanasiyana, zina zazitali, zina zazifupi, zokolola nkutsika. Tikamakuuzani kuti musabwereze haibulidi, sikuti tinapangana ndi a masitolo.

M'chaka cha 1855 dokotala wina wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafalitsa chiphunzitso chakuti selo lirilonse limachokera ku selo linzake. Ndikutchula zimenezi chifukwa m'midzi yambiri ndimamva akuti anankafumbwe amabadwa m'chimanga chenichenicho, ndiye palibe chimene munthu angachite. Si zoona. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, kuikiramo dzira ndi kumata pabowopo, ndipo kawirikawiri amatero chimanga chikadali kumunda kapena atachokera m'zotsalira za chaka chatha. Dzira lija ndilo limagawika nkukhala kambozi kamene kamadya njere kuchokera m'kati. Kololani msanga chimanga chikauma, ndipo sesani nkhokwe ndi kutentha zinyalala zake musanaikemo chatsopano.

KUMUNDA KUJA

Bambo aja anamva zonsezi, koma ndinaona kuti sanakhutire. Tsono ndinapempha mwana wao kuti atenge mbatata imodzi, makapu awiri ndi mchere. Anadula tizidutswa tiwiri tofanana, totalika ngati chala. Kamodzi anakaika m'madzi a pachitsime, kena m'madzi amene anasungunuliramo masupuni awiri a mchere. Tinadya nsima. Titasamba m'manja anavuula. Ka m'madzi abwino kanali gwa, ndipo pokapinda kanathyoka. Ka m'madzi a mchere kanali lende ngati chingwe. Bambowo anakatenga, nakapinda uku ndi uku, nakhala chete nthawi ndithu. Kenaka anati, "Ndiye kuti muzu uja ndinausandutsa chonchi?" Mwanayo ndiye anayankha, osati ine, ndipo anatsegula kope nawaonetsa chithunzi china cha selo lophwa, nembanemba itasiyana ndi khoma.

Ku sitolo sanapitenso. Mvula itagwa anapakiza mapando onse akufa ndi mbewu yocha msanga, ndipo feteleza wotsala anathira m'maenje. Ndinadutsako mu Epulo: chopakiza chija chinabereka, ngakhale kuti sichinafike pa chimene akadakolola poyamba, ndipo theka la thumba lija linapita pachabe.

Yesani nanunso za mbatatazi kwanu, mtengo wake ndi mbatata imodzi. Aphunzitsi amene sukulu yao iri ndi maikulosikopu, ngati nkotheka, tsiku la msonkhano wa makolo muwaonetseko khungu la anyezi lija. Ndipo amene muli ndi mafunso lembani kalata kwa Mkonzi, ndidzayankha pa tsamba lomwe lino. Sabata ya mawa tidzakamba za kapangidwe ka manyowa a m'dzenje, ndi m'mene mungadziwire kuti apsa ndipo sangatenthenso mbewu.

Ndine wanu,
Mlangizi